Funsani Azakhali: Thumba la maliro tili nalo, nanga woperekeza wodwala ndani?

Makalata ambiri a mwezi uno akukhudza abale athu okhala ku Britain, ndipo ndasankhapo anayi. Kwa amene mwangoyamba kumene kuwerenga tsamba lino, ine ndine namwino komanso mzamba. Ntchitoyi ndinaiphunzira kwathu ku Malawi, ndinaigwira zaka 7 pa chipatala china cha boma, ndipo mu 2003 ndinabwera kuno ku England komwe ndikuigwirabe. Malamulo amene nditchule ndi a ku England. Ku Scotland ndi ku Wales zina n'zosiyanako.

FUNSO: Azakhali, mwana wanga wamkazi ali ku Luton ndi mwamuna wake. Ndi woyembekezera, mimba yoyamba, miyezi inayi. Pa gulu lathu la amayi a Mvano pa WhatsApp wina anatumiza uthenga woti kumeneko amayi achikuda amamwalira pobereka kuwirikiza kasanu kuposa azungu. Chiwerengereni uthengawo tulo sitikubwera. Ndalama yoti ndikamudikirire ndilibe. Kodi n'zoona? Nanga ine ndili kuno ndingachitepo chiyani?
Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Mayi, uthengawo si wabodza, koma wakufikani woduka. Ku yunivesite ya Oxford kuli akatswiri a MBRRACE-UK amene amafufuza imfa ya mayi aliyense womwalira ali ndi pakati kapena atangochira kumene. Lipoti lawo la 2018, loona zaka za 2014 mpaka 2016, linapeza kuti pa amayi achikuda 100,000 alionse ankamwalira 40, pamene pa azungu ankamwalira 8. Kasanu kaja kanachokera pamenepo. Malipoti a zaka zaposachedwa akuonetsa kuti mpatawo wachepako, koma sunatsekeke. Kuti mtima ukhaleko pansi, kumbukirani kuti kwathu kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza amayi 439 pa 100,000. Mwana wanu ali kumene kuli magazi, mankhwala ndi madokotala usiku ndi usana, ndipo amayi ochuluka zedi amatuluka ndi mwana m'manja. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti chipatala n'chimodzi, zipangizo n'zomwezo, koma wina amamveredwa msanga kuposa mnzake.

Zoyambitsa zina zili m'thupi: BP ndi shuga zimatipeza ifeyo msanga. Zina ndi za umoyo wa kuno, kugwira ntchito za usiku mpaka mimba itakula, kuchedwa kuyamba sikelo poopa mapepala, kukhala m'kachipinda kamodzi kachinyontho. Koma pali chinanso chimene ndachiona ndi maso angawa.

Usiku wina, zaka zapitazo, ndinalandira wodi kwa mnzanga amene anali atalemba kuti mayi wa pabedi la pakona ali bwino, akupuma. Anali mayi wa kwathu kum'mwera kwa Africa, atachira madzulo omwewo. Nditamufunsa anangoti, "Sindikumva bwino pang'ono, koma musavutike." Mawu amenewo ndimawadziwa. Ndi mawu a mtsikana amene anankungwi anamulangiza kuti mkazi salira pobereka, mkazi savutitsa anthu. Ndinamutsitsa chikope, m'kati muli mbuu. Kugwira dzanja, lozizira, mtima ukuthamanga. Ankataya magazi. Mzungu akataya magazi nkhope imachita kuyereratu aliyense n'kuona, koma pakhungu lathu sizionekera choncho, ndipo mabuku ambiri amene anzanga anaphunzirira anali ndi zithunzi za khungu loyera lokhalokha. Mayiyo anapulumuka. Anandiuza pambuyo pake kuti anali atanenapo kale kawiri, motsitsa mawu, ndipo anauzidwa kuti ndi kutopa chabe.

Kwathu wodwala sapita kuchipatala yekha. Amapita ndi gadiyani, amene amagona pansi pambali pa bedi, kuphika phala kukhitchini ya magadiyani, ndipo zinthu zikasintha amathamanga kukagogoda kwa anamwino mpaka atuluke. Titafika kuno mwambo umenewu tinausiya pabwalo la ndege, poganiza kuti kwa azungu zonse zimayenda zokha. Amayi awiri a ku London, Tinuke Awe ndi Clotilde Abe, anayambitsa gulu la Five X More mu 2019 chifukwa cha kasanu komweka. Anasonkhanitsa masiginecha oposa 180,000 mpaka nkhaniyi inakambidwa ku Nyumba ya Malamulo mu 2021. Mwa malangizo amene amapereka kwa amayi muli oti upeze munthu wokulankhulira, ndiponso uzilemba zonse zimene wauzidwa. Ameneyo ndi gadiyani yemwe uja.

Tsono chitani izi, mayi. Mufunseni mwana wanu kuti amapemphera kuti, ndipo kumeneko apeze mayi wamkulu mmodzi, wakuti anaberekapo kuno, wosachita manyazi kufunsa kawiri. Mwamuna wake akhalepo ndithu, koma mimba yoyamba nayenso amakhala ali kakasi. Gadiyaniyo akhale ndi kope, azilemba dzina la amene wawaona, nthawi yake ndi zimene wanena. Akaona kuti sakumveredwa anene mwaulemu koma momveka kuti akufuna mzamba woyang'anira wodi kapena dokotala wamkulu. Palibe amene amathamangitsidwa chifukwa chopempha zimenezo. Ofuna womasulira amapatsidwa kwaulere.

Onse atatu adziwe zizindikiro zosadikira kuti kuche: mutu waukulu wosamva mankhwala, kuona zinthu mwachimbuuzi kapena ngati nyenyezi, kutupa mwadzidzidzi nkhope ndi manja, kupweteka pansi pa nthiti, kutaya magazi, kupuma mobanika, mwendo umodzi kutupa ndi kuwawa, komanso mwana kuchepetsa kusuntha m'mimba. Nambala ya kuchipinda cha amayi oyembekezera imayankhidwa usiku wonse. Mwana akabadwa, chikasu achiyang'ane m'maso ndi m'nkhama, asadalire khungu.

Inuyo muli ndi ntchito imene wina aliyense sangaigwire. Muuzeni mbiri ya kumtundu: ndani anali ndi BP ali ndi pakati, ndani anakomokapo pobereka, ndani ali ndi shuga kapena sickle cell. Azamba amafunsa zimenezi ndipo atsikana ambiri amangoti sakudziwa. Musamutumizire mwanamphepo kapena mankhwala ena alionse ofulumizitsa matenda. Ndipo akakuimbirani kuti penapake pakuwawa, mawu oti "pirira mwanangu, ndi mmene zimakhalira" muwasunge. Muzimuuza kuti aimbe kuchipatala, inu mudikira pa foni.

FUNSO: Azakhali, ndine msungichuma wa gulu la Amalawi m'tauni yathu. Tilipo mabanja pafupifupi 60, timasonkha mapaundi 10 pamwezi a thumba la maliro. M'zaka ziwiri tatumiza kumudzi matupi atatu, onse abambo osafika zaka 55, awiri anafa ndi sitiroko. Ndinapempha kuti titapeko pang'ono tigule makina oyezera BP, koma akuluakulu akuti ndalamayo ndi ya maliro basi. Kodi ndalakwa?
Bambo wa ku Leicester

YANKHO: Simunalakwe, achimwene, koma akuluakuluwonso ali ndi mfundo. Thumba la maliro limakhalapo chifukwa anthu amakhulupirira kuti ndalama yawo siipita kwina. Mukatapako kamodzi popanda onse kuvomereza, mawa wina adzatapa pa zifukwa zake, ndipo gulu lidzagawanika. Lisiyeni thumbalo. Pa msonkhano wotsatira pemphani paundi imodzi yapadera kwa banja lililonse. Makina abwino ovala pamkono ku famase sakwana n'komwe ndalama imene mumagulira nyama yootcha pa chikondwerero cha 6 July. Mugule okhala ndi lamba wamkulu ndi wapakati, chifukwa lamba wothina amanamiza.

Maliro n'kulirana, ndipo pa zimenezo ife palibe amatiposa. Uthenga ukangomveka, pofika madzulo nyumba yadzaza, amayi aphika, ndalama ya ndege yayamba kulowa. Ndakhala pa masiwa ambiri kuno, ndipo kangapo konse mkazi wa malemu wandinong'oneza kuti bambowo anapatsidwa mapiritsi a BP zaka zapitazo n'kuwasiya poti ankamva bwino, kapena kuti kalata yowaitana kukayezetsa inakhala pamwamba pa filiji mpaka kuiwalika. Abambo amenewa ankagwira mashifiti awiri, kulipira fizi ya ana a abale kumudzi, kumanga nyumba ku Chileka kapena ku Mchinji imene sanagonemo. Tinawasonkhera bokosi ndi mtima wonse. Akadali moyo palibe anawafunsa kuti munayezetsa liti.

Zimene mukufunazi zinayesedwapo kwina. Ku Los Angeles, dokotala wina dzina lake Ronald Victor anaona kuti abambo achikuda sapita kuchipatala koma sajomba kometa tsitsi. Anagwirizana ndi malo ometera 52, ometawo n'kumalimbikitsa makasitomala awo kuyezetsa, ndipo akatswiri a mankhwala ankabwera pamalo pomwepo kudzapereka ndi kusintha mankhwala mogwirizana ndi madokotala. Zotsatira zake zinatuluka mu 2018: patatha miyezi 6, abambo oposa 6 pa 10 alionse amene anathandizidwa motero BP yawo inali itatsika kufika poyenera, pamene mwa amene anangolangizidwa kuti apite kwa dokotala anali mmodzi yekha pa 10, kapena kuposa pang'ono. Ife malo athu ometera ndi msonkhano wa mwezi ndi mwezi, tchalitchi ikatha, ndi mpira wa Loweruka.

Pagulu la mabanja 60 sipangalephere namwino. Iyeyo aziyeza, munthu atakhala pansi mphindi zisanu, pakona poduka mphepo, ndipo nambala ya munthu ikhale chinsinsi chake. Ikafika 140 pa 90 kapena kuposa, apite kwa GP, dokotala wa m'dera amene munthu amalembetsako, ndipo pakhale wina womufunsa sabata yotsatira ngati wapitadi. Gawo lofunsalo ndiye lofunika kuposa makinawo. Amene apatsidwa mankhwala adziwe kuti malangizo a madokotala kuno amati munthu wachikuda wopanda shuga ayambire mapiritsi a mtundu wa amlodipine, chifukwa a mitundu ina sagwira bwino pa ife akakhala okha. Mchere usapose magalamu 6 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wa m'timabuloko tokometsera ndiwo ndi wa mu usipa wouma umene timatumiziridwa.

Mukawapeza abambowo pamodzi, musalekere pa BP. Shuga kwa ife amayamba kuopsa kuyambira zaka 25, pamene kwa azungu amawerengera kuyambira 40. Aliyense wa zaka 40 mpaka 74 amene alibe kale matenda ngati amenewa amayenera kuyezedwa kwaulere zaka 5 zilizonse, pa ndondomeko ya NHS Health Check. Ndiye pali nkhani imene abambo amaithawa, ya khansa ya prostate, kachiwalo kokhala pansi pa chikhodzodzo. Bungwe la Prostate Cancer UK limati mwa abambo onse imagwira mmodzi pa 8, koma mwa achikuda mmodzi pa 4, ndipo limalangiza kuti wachikuda akambirane ndi GP za kuyeza magazi kotchedwa PSA akafika zaka 45. Ikamayamba nthawi zambiri siwawa. Ambiri amaopa kupimidwa ndi chala, koma choyamba ndi magazi a pamkono. Ku Hackney, mu London, kunali makanika, Errol McKellar, amene atapezeka ndi khansayi anayamba kutsitsira mtengo makasitomala amene apita kukayezetsa. Nkhani yotere imalowa bwino ikachokera kwa bambo mnzawo kusiyana ndi kwa ine, choncho pezani mmodzi amene anayezetsapo ayambe ndiye kulankhula.

Zikayenda, gulu lokhala ndi malamulo olembedwa ndi akaunti ya kubanki yosainira anthu awiri osakhala pachibale likhoza kupempha thandizo ku khonsolo, kapena ku National Lottery Community Fund imene imapereka kuyambira mapaundi 300 mpaka 20,000 ku timagulu ta m'madera. Ndikudziwa kuti mipingo ina siilandira ndalama yochokera ku lotale, ndiye mukambirane kaye musanalembe.

FUNSO: Azakhali, ndinabwera mu 2023 pa viza yosamalira okalamba. Makolo anagulitsa munda kuti tilipire amene anandipezera ntchito. Kampaniyo yalandidwa chilolezo, ntchito yatha, ndikugona pabalaza kwa mnzanga. Ndakhala ndikutsokomola masabata asanu, usiku ndimatuluka thukuta, zovala zayamba kukhwepa. Ndikuopa kuti ndikapita kuchipatala andinenera ku Home Office, nthambi ya boma yoona za maviza. Anzathu a kutchalitchi sindinawauze, amalankhula.
Mtsikana wodandaula, West Midlands

YANKHO: Mwanangu, pita mawa lomwe. Chifuwa chopitirira masabata atatu, thukuta la usiku ndi kuonda n'zofunika kuyeza TB. Kuyeza ndi kuchiza TB kuno n'kwaulere kwa aliyense, kaya mapepala ali bwanji, chimodzimodzinso HIV. TB imachizika, mankhwala ake ndi a miyezi 6 kapena kuposerapo, ndipo mnzako wakusungayo nayenso ayenera kutetezedwa.

Kulembetsa kwa GP n'kwaulere ndipo lamulo silifuna kuti uonetse pasipoti, viza kapena kalata yotsimikiza kumene ukukhala. Olandira alendo ena amaumirirabe kufunsa. Akakubweza, pempha kuti akulembere chifukwa chake, kapena funsa bungwe la Doctors of the World, limene limathandiza anthu kulembetsa ndipo lili ndi ndondomeko ya Safe Surgeries ya ma GP amene analonjeza kusafunsa mapepala. Ndisakubisire mbali inayo: munthu amene viza yake yatheratu akagonekedwa m'chipatala chachikulu pa matenda ena akhoza kulipiritsidwa, ndipo ngongole ya mapaundi 500 kapena kuposa ikakhala miyezi iwiri osalipidwa imatha kukanenedwa ku Home Office. Zimenezo sizikhudza GP, sizikhudza TB, ndipo iwe viza yako siitha tsiku limene kampani yatsekedwa. Home Office imalemba kalata, ndipo kawirikawiri imapereka masiku 60 oti upeze kampani ina. Ona bwino imelo yako, tsiku la pakalatayo ndilo loyambira kuwerenga. Pita ku Citizens Advice kapena Work Rights Centre, mabungwe opereka malangizo kwaulere, ndipo usapereke ndalama kwa aliyense wodzitcha mlangizi wa za viza amene sali m'kaundula wa boma. Kugula ntchito kachiwiri ayi.

Amene muli kumudzi mumve izi: kuyambira pa 22 July 2025 Britain inasiya kupereka viza imeneyi kwa osamalira okalamba ochokera kunja. Wokuuzani kuti mumupatse mamiliyoni akupezereni malo akukuberani.

Mawu ako omaliza andikhudza kuposa onse. Ukudwala, ulibe pogona, koma ukuopa anthu a tchalitchi chako. Amayi anzanga a m'mipingo, miseche yathu ikubisitsa ana matenda. Pafupifupi mpingo uliwonse wa Amalawi kuno uli ndi anamwino ndi osamalira okalamba amene amadziwa nyumba yomwe ikufuna antchito ndiponso manijala wachilungamo. Sankhani anthu awiri okhwima m'kamwa, mulengeze mayina awo kutsogolo, kuti wovutika adziwe wopita kwa iye popanda nkhani yake kufika pagulu la WhatsApp. Iwe mwanangu, wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Yang'ana mayi mmodzi amene sunamumvepo akunena za wina, umuuze, ndipo umupemphe akuperekeze kwa GP.

FUNSO: Azakhali, mwana wanga wamkazi anakulira konkuno, wamaliza digiri ya zowerengera ndalama ndipo anakhoza bwino. Walemba makalata ofunsira ntchito oposa 70, amuitana kawiri kokha. Tsopano akufuna achotse dzina lake lachichewa pa CV alembe lachingerezi la ubatizo. Dzinalo ndi la malemu mayi anga. Ndimuletse?
Bambo wa ku Milton Keynes

YANKHO: Bambo, mwanayo sakulota. Mu 2019 akatswiri a ku Nuffield College, ku Oxford, anatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anatumiza makalata ofunsira ntchito pafupifupi 3,200, ofanana maphunziro ndi luso, ongosiyana mayina ndi mtundu wa wolemba. Mwa azungu a ku Britain, 24 pa 100 alionse anayankhidwa bwino. Mwa a mitundu ina, 15 okha. Kusankha kotere n'koletsedwa ndi lamulo la Equality Act la 2010, koma munthu amene sanayankhidwe n'komwe alibe poyambira kudandaula.

Musamuletse, ndipo musamuchititse manyazi. Mayina onse awiri ndi ake, ali pa pasipoti yake, sakunamiza munthu. Ine ndinakhala zaka zambiri anzanga a pawodi akundiitana ndi chidule chimene anandipangira okha, ndipo tsiku limene ndinayamba kuwaphunzitsa kutchula dzina langa lonse linali loti ndakhazikika kale pantchito. Nayenso akalowa adzasankha yekha, ndipo ana ambiri amene ndawaona amabwerera ku dzina la kwawo akapeza poponda.

Koma kusintha dzina kumangochotsa chopinga chimodzi. Anzake a m'kalasi ambiri ali ndi amalume kapena mnzawo wa bambo awo amene anawalowetsa mu ofesi kwa masabata awiri pa holide, anawawerengera CV, anawauza mafunso amene amafunsidwa. Ana athu makolo awo tili m'mawodi ndi m'mafakitale, maofesiwo sitiwadziwa. Ayang'ane ndondomeko ya 10,000 Black Interns, imene inayamba mu 2020 ndi malo 100 okha ndipo imapezera achinyamata achikuda ntchito zophunzirira zolipidwa. Afunsirenso ku Civil Service, ntchito za m'boma, kumene ntchito zambiri amasankha oyenera kuitanidwa dzina litabisidwa. Yunivesite yake ili ndi ofesi yothandiza za ntchito, ndipo ambiri amathandizabe ngakhale amene anamaliza kale.

Inuyo ntchito yanu nayi. Pagulu la Amalawi kwanuko alipo akauntanti, mwina awiri kapena atatu, amene mumangopatsana moni pa zikwati. Tengani foni muimbire mmodzi sabata ino. Musamupemphe ntchito. Mupempheni ola limodzi Loweruka, akhale ndi mwanayo, aone makalata atatu mwa 70 aja, ndipo amufunse mafunso ngati mmene amafunsira ku ofesi kwawo.